Kasosa ka Aonjezani

Kufakitale yopanga matumba kunalibe munthu wowaitana dzina lawo lenileni. Onse ankangoti Aonjezani, chifukwa zaka zonse zimene anaphika m'kantini, wantchito akangopukuta mbale, iwo anali atafika kale ndi chikombe chawo chachikulu: “Onjezani, inu! Mukufuna mukagwere m'makina?” Munthu wodya pang'ono sankamukhulupirira. Ankati woteroyo ndi wonyada, apo ayi pali chimene akubisa.

Ndiye mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa lole, anawabweretsera mpongozi wowonda, telala wosokera pakhomo, wodya ngati akungolawa mchere. Awiriwo sanamwerane madzi kuyambira tsiku loyamba. Aonjezani akabwera kudzacheza ankalowa kukhitchini, kuvundukula poto, kununkhiza, n'kuvundikiranso osanena kanthu. Kusanenako n'kumene kunkapweteka, ndipo iwo ankadziwa.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, anayamba kukhuta asanadye. Anabisa miyezi ingapo, poti wophika wokana chakudya angauze ndani? Atapita kuchipatala anawapeza ndi khansa, ndipo madokotala anachotsa chifu chonse n'kulumikiza kum'mero ndi matumbo. Tsiku lowatulutsa, dokotala anafotokoza za kadyedwe katsopano, koma Aonjezani anali akusinza ndi mankhwala, mwana wawo ali paulendo. Amene anamva zonse ndi mpongozi uja, ataima pafupi ndi bedi, chikwama cha zovala chili m'manja.

Kunyumba kwa mwana wawoyo anawapatsa chipinda chimene munkakhala makina osokera, makinawo n'kuwasamutsira pabalaza. M'mawa woyamba mpongoziyo analowa ndi kasosa koikapo kapu ya tiyi. Pakasosapo panali theka la dzira lowiritsa ndi kambatata kophwanya.

“Mwabweretsera mphaka?” anafunsa Aonjezani.

“Ndi chanu, amayi. Mutafune mpaka chisungunuke. Madzi mumwa pakapita nthawi, osati pamodzi ndi chakudya. Shuga ayi.”

“Ine ndadyetsa fakitale yonse. Lero mundiphunzitse kutafuna?”

“Ine sindikuphunzitsani. Ndikungonena zimene ananena adokotala.”

Kasosako kankabwera kawirikawiri, m'mawa, dzuwa likakwera, masana, madzulo. Makina akangosiya kulira pabalaza, Aonjezani ankadziwa kuti kakubwera, mtima n'kuwawa. Ankadana nako kasosako, ankadana ndi dzanja lokanyamula, ankadananso ndi nkhope ya mpongoziyo, yosakwiya, yosamwetulira. Akanati akalipe, bwenzi zili bwino. Iwo ankaona kuti mtsikanayo akubweza chipongwe cha mapoto aja, ndipo kunena zoona, mwina kwinaku ankabwezadi. Munthu akhoza kukusamalira bwinobwino akukuda.

Nkhawa yeniyeni inali thupi. Madiresi onse anali kukhwepa, ndipo kuchipatala anali atachenjeza kuti akapitiriza kutsika pasikelo, mankhwala otsatira a khansa sangawayambe. Aonjezani sanavutike kupeza wolakwa. Anzawo a kukantini atabwera kudzawazonda, anakweza kasosa kaja m'mwamba kuti aliyense aone.

“Onani, anzanga. Khansa yandilephera, koma m'nyumba muno muli wina woti amalizitse ntchito.”

Alendowo anayang'ana pansi. Pabalaza makina analeka kulira, kenaka anayambanso mwamphamvu.

Mawuwo anayenda mpaka anafika kwa mwana wawo wamkazi, wokhala mbali ina ya tauni. Anabwera atalusa, pa tsiku limene dalaivala uja analipo.

“Achimwene, amayi akufa ndi njala inu muli phee? Taonani mikono yawo!”

“Mlamu,” anatero mpongoziyo, “chifu alibe. Chakudya chambiri chiwapweteka.”

“Inu ndinu dokotala kapena telala?”

Dalaivalayo anangokanda m'mutu. Anayang'ana mayi ake, kuyang'ana mkazi wake, n'kunena mawu opusa kwambiri amene akananena tsikulo: “Mwina kumawonjezerako pang'ono, mayi a mwana.”

Mpongoziyo analowa kukhitchini. Anatsuka kasosa kaja, kukaika m'kabati, kupinda nsalu za makasitomala, n'kuitana galimoto yoti inyamule makina kupita kwa mkulu wake. Potuluka anaima pakhomo pa chipinda cha odwala.

“Amayi, ndapirira fungo la bala lanu, ndapirira kukuchapirani. Zoti ndizitchedwa wakupha, ayi. Tsalani bwino.”

“Muyende bwino,” anatero Aonjezani, ndipo anakondwa zenizeni, chikondwerero chimene anali asanachimve chichokereni kuchipatala.

Mawa lake mwana wawo wamkazi anaphika monga anaphunzitsidwira ndi mayi ake. Mbale yaikulu ya mpunga, nkhuku yokazinga, msuzi wamafuta, pambali botolo la chakumwa chozizira chotsekemera. Aonjezani ataona mbaleyo misozi inalengeza. Uku ndiye kumuona munthu ngati munthu. Anadya mofulumira ngati kale, kumeza ndi chakumwacho, ndipo mwanayo, mwa nthabwala, anati, “Onjezani, amayi!” Anaseka onse awiri, n'kuwonjezeradi.

Mbale isanachoke patebulo, thukuta linali kamukamu. Mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutuluka, m'mimba munapotokola, chipinda chonse chinazungulira. Anayesa kuimirira kuti athamangire kuchimbudzi, koma miyendo inakana. Sanafike. Anagwera m'khonde la m'nyumba, n'kudziipitsira pomwepo, pamaso pa mwana wawo. Mwanayo ankangokuwa, kuthamanga uku ndi uku, mpaka anawabweretsera madzi a shuga kuti apeze mphamvu. Mwamwayi aneba anamva phokosolo n'kuwatengera kuchipatala.

Namwino wa kumeneko sanawanyengerere. “Mukufuna kufa, mayi? Amene ankakudyetsani uja ali kuti? Mwezi wathawu munali mutasiya kutsika pasikelo. Tinkati muyamba mankhwala posachedwa.”

Aonjezani anayang'ana kukhoma. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma iwo sanafune kuti wina awakumbutse.

Atabwerera kunyumba, mwana wamkazi uja ankaopa ngakhale kuwapatsa supuni. Anakhala masiku owerengeka, kenaka anati ana ake ali okha, n'kupita. Dalaivala anali atanyamuka kale ndi lole. M'nyumba munali zii, pabalaza patangotsala mabowo anayi pakapeti pamene pankaima makina. Njala inkawapweteka, koma wophika wa zaka zonsezo anaima m'khitchini osadziwa choti aphike, kuchuluka kwake, ngakhale choyambira.

Anatenga foni. Anaiika pansi. Anaitenganso, n'kuimbira mpongozi uja. Inaitana nthawi yaitali, ndipo itayankhidwa anamva makina akulira kumbali inayo, osaima n'komwe.

“Apongozi,” anatero. Chikhalire anali asanamuitanepo choncho. “Dzira lija... mumaliphika bwanji?”

“Kasosa kali m'kabati ya pamwamba, kumanzere. Chimene chakwana pamenepo ndiye chanu. Mutafune bwino.”

“Nanga inuyo mubwera liti?”

Makina aja analira kanthawi.

“Muli ndi mwana wamkazi, amayi,” anatero mpongoziyo, n'kudula foni.

Aonjezani anakoka mpando, n'kukwerapo pang'onopang'ono atagwira bala, kuti afikire kabati ya pamwamba.