Tiyi wa Batani

A Telala sankakonda agalu chibadwire. Batani, galu wofiirira amene ankagona pansi pa makina awo osokera, anachita kuwasiyira ndi malemu akazi awo. Koma chichitikire maliro, ukangomukalipira galuyo ndiye kuti wawaputa dala.

Chaka chimenecho Batani anayamba kudzikanda. Ankadzikanda mpaka ubweya kusosoka, khungu lili psuu, zilonda m'makutu ndi kumimba. Makasitomala anayamba kuimira panja, nsalu zili m'khwapa. Mayi mwini nyumba sanapite m'mbali: "Bambo, mpherezi zitigwira tonse. Akapanda kuchira, galuyu achoke pano."

A Telala anagwidwa ndi mantha enieni. Dokotala wa ziweto atamupima Batani, anati si mphere ayi, koma pali chakudya chimene thupi lake likukana. Anati azidya mpunga ndi nsomba basi kwa miyezi iwiri, osawonjezera kalikonse.

Munthu wa tepi m'khosi salakwitsa muyezo. Mpunga ankauyeza ndi kapu. Wogulitsa nyama wa pafupi, amene ankamuponyera Batani mafupa, anadzudzulidwa mpaka anasiya kuwapatsa moni. Komabe mwezi unatha galu akudzikandabe, ndipo a Telala anayamba kusoka mizere yokhota.

M'mawa wina mwana wawo wamkazi anabwera kudzawaona. Anawapeza akuthira tiyi m'kambale kobenthuka n'kukaika pansi pa makina.

"Ababa, nanga chimenechi?"

"Ameneyu ndi tiyi, si chakudya. Amayi ako ankamwa naye m'mawa uliwonse."

"Tiyi wamkaka, Ababa. Adokotala munawauza?"

 A Telala sanawauze adokotalawo, ndipo sizinawabwerere n'komwe m'mutu. Kambale kameneko n'kamene kanatsala pa zonse zimene akazi awo ankachita m'nyumbamo, ndipo kukasiya kunawawawa ngati akuwaikanso m'manda.

Tsiku lotsatira anathiramo madzi ofunda. Batani ananunkhiza, n'kuwayang'ana mowaimba mlandu, kenako anamwa. A Telala anayang'ana kapu yawo ya tiyi wamkaka, n'kukaikhuthula panja.

Patatha milungu itatu zilonda zinauma, timaubweya tinayamba kumera. Mayi mwini nyumba anabwera ndi diresi loti alichepetse, ndipo za galu sanazitchulenso.

Mpaka lero a Telala amamwa tiyi wopanda mkaka, nkhope ili tsinya, akudandaula kuti sakoma. Mukawafunsa chifukwa chake, amaloza pansi pa makina.

"Ndingamwe bwanji mnzanga akundiyang'ana?"