Tsiku Limene Tinaika Mayi Ake a Tadala

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Pabalaza amayi a kutchalitchi anali atatopa ndi nyimbo za usiku wonse, ena akusinza chokhala. Kunja chifunga cha ku Spring Valley chinali chitaphimba mitengo, ndipo mu tenti abambo anali atazungulira mbaula.

Omwalirawo anali achemwali anga aakulu. Anagwira ntchito ku Nairobi zaka zambiri, ndipo ali chigonere ananena kuti aikidwe konkuno. Ine ndinachokera ku Blantyre kudzawadwazika. Anasiya mwana mmodzi, Tadala, mtsikana wa ku sekondale yemwe bambo ake anamwalira kale.

Chaka chatha Tadala anasiya kudya, tulo osalipeza. Achemwali anapita naye kwa dokotala wa ana, mayi wa kuno ku Kenya. Dokotalayo anawapempha kuti adikire panja, nacheza ndi mwanayo payekha. Kumeneko ndi kumene Tadala ananena koyamba kuti mtima wake umakonda atsikana anzake, ndi kuti nthawi zina ankalakalaka atangofa. Patapita nthawi anawauzanso mayi ake, dokotala ali pomwepo. Achemwali analira, koma sanamukalipire. Anapitiriza kumuperekeza kuchipatalako, mwana nkuyambanso kudya.

Ndinkayesa kuti nkhaniyi sinatuluke m'nyumba. Koma m'mawa umenewo, Tadala atadutsa kuseri kumene amayi ankaphika mpunga ndi nyemba, macheza anadukiza. Wina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wina ananong'ona za ziwanda.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke: Amalawi a m'mabungwe ndi m'matchalitchi, anzawo a kuntchito a achemwali, ena pa njinga zamoto za boda boda atanyamula nkhata za maluwa. Aliyense ankandigwira dzanja nkunena kuti pole, pepani wa m'Chiswahili. Achimwene athu aakulu, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe, anandiitanira pambali pa galimoto.

"Mwanayu ndikupita naye Loweruka," anatero. "Kwathu kuli mneneri amene amamasula zoterezi. Mayi ake anamulekerera."

Bokosi linali likulowa pageti.

Ulendo wa kumanda ku Lang'ata unali wapang'onopang'ono. Maminibasi amene kuno amati matatu ankatipanikiza mbali zonse, mitambo ikuda koma mvula osagwa. M'mitengo ya m'mbali mwa msewu munali mbalame zikuluzikulu za dazi, zitangoti njo kuyang'ana pansi. Tadala anakhala pafupi nane, manja ali pamaondo. Sanalire kutchalitchi, sanalirenso kumanda. Ataponya dothi lofiira pabokosi anabwerera m'mbuyo mwaulemu, nkuvula wotchi yake, kupatsa mnzake wa kusukulu. Anamupatsanso ndolo. Nkhope yake inali yodekha kuposa masiku onse a matendawa, ndipo ine ndinathokoza Mulungu kuti mwana walimba mtima.

Nkhata zikuikidwa, mayi wina wa ambulera yakuda anandikoka mkono. Anali dokotala uja. Anayankhula Chingerezi, motsitsa mawu.

"Kudekha kumeneku kusakunamizeni. Musamusiye yekha. Mankhwala onse amene mayi ake ankamwa muwachotse m'nyumba lero. Ndipo mumufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo."

Ndinamuuza za Loweruka ndi za mneneri. Anayang'ana kumene achimwene anaima ndi abusa.

"Ana amene amawatengera kumeneko ndimawaona akabwerako," anatero. "Ena sabwerako. Mubwere naye mawa m'mawa."

Mvula inatipeza pobwerera. Anthu anadya mothamanga, mipando inasanjikizidwa, ndipo pofika madzulo mu tenti munangotsala madzi akudontha. Ndinalowa kuchipinda kwa achemwali, ndinasonkhanitsa mabotolo ndi mapaketi onse a mankhwala, ndinakawasungitsa kwa aneba. Botolo limodzi limene ndinkalidziwa bwino silinapezeke. Ndinafufuza pansi pa bedi, m'madirowa, m'chikwama chawo. Kulibe.

Achimwene ndinawapeza pakhonde. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawatsutsepo.

"Achimwene, Tadala sakupita. Mawa ali ndi dokotala."

"Mwini mbumba ndine," anatero. Anatenga foni yawo nkupita kugeti.

M'nyumba munali zii. Tadala anali atakhala pabedi pake, nsapato za matope akadali chivalire. Ndinakhala pambali pake nkumufunsa monga anandiuzira dokotala, mawu onse, osasiya lina. Sanadabwe. Anapisa dzanja pansi pa pilo, natulutsa botolo lija, kuliika m'manja mwanga. Linali losatsegula.

"Mayi aang'ono, nanunso mukupita Loweruka?"

"Ayi, mwananga. Ine ndilipo."

Anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Ndinamuvula nsapato, ndinakokera matiresi anga pakhomo pa chipinda chake. Mvula inali italeka. Kugeti mawu a achimwene ankamveka chapansipansi, akufunsa wina pafoni ngati tsiku la ndege lingathe kusinthidwa kuti likhale pafupi.