Ng'oma za a Maynard m'munda wa mpunga

A Maynard Fanizo ndinawadziwira ku Bwanje kuno akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ya eni ake. Enafe zitini zoingitsira mbalamezo tinkangozimenya chimenyemenye. Iwo ankazindandalika pamzere, chachikulu kumanzere, n'kumaziimba ndi timitengo tiwiri mpaka thukuta kamukamu.

Bambo awo anali a kumigodi, ndiye iwonso atakula analondola njira ya ku Joni. Mgodi sanaulowe. Anakakhala woimba ng'oma m'bandi ya roko, nyimbo zija magitala amalira ngati chigayo chameza mwala. Bandiyo inatha, anzawo anabalalika, ndipo iwo anabwera kumudzi ndi kachikwama ndi khutu limodzi logontha. Chuma chawo chonse chinali memore khadi imodzi. Munali dansi yaikulu imene anaimba m'holo ina, yojambulidwa pompo anthu akukuwa ndi kuomba m'manja. Kwina kulikonse dansi imeneyo kunalibe.

Chimene ankafuna chinali chaching'ono: anthu akwawo aimve mokweza, adziwe kuti mkulu wa zitiniyu anali ndani. Koma kugolosale ankaichotsa isanafike n'pakati pomwe, ndipo akumpingo anati ndi za ziwanda.

Mpunga utayamba kucha chaka chatha, kunabwera Benson, mwana wa mlongo wawo, amene ali ndi munda kusikimu.

"Malume, tandibwerekani nyimbo zanu zija. Ndagula sipika yaikulu ya sola."

A Maynard anameta ndevu, navala shati yotchenera, ulendo wa kwa Benson. Pakhomo anawauza kuti ali kumunda. Atafika anapeza sipika itamangiriridwa pamtengo pakati pa mpunga, ng'oma zawo zikugunda, mbalame zili balala.

"Malume, amenewa ndiye mankhwala," anatero Benson. "Sizikutera n'komwe."

Alimi oyandikana naye anaona kuti sipikayo ikuwatetezera ndi minda yawo yomwe, ndiye ganyu ya zitini inathera pomwepo. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mkuluyo sanakwiye. Tsiku ndi tsiku ankapita kukakhala m'mbali mwa ngalande, khutu lakumva atalozetsa kusipika, manja akuimba pamaondo. Anthu a m'holo muja akaomba m'manja, iwo ankagwedeza mutu pang'ono, ngati akuwathokoza. Odutsa ankaseka. Ine ndinkayang'ana kumbali chifukwa cha chisoni.

M'mawa wina a Maynard anapeza sipika ikuuwa ngati galu.

"Nanga zanga zija, Benson?"

"Mbalame zinazolowera, malume. Zimadya mpunga nyimbo ili mkati. Dzulo ndinapita kuboma, anyamata oika nyimbo m'makhadi andifufutira, andiikira agalu."

"M'khadi yomwe ija?"

"Eya. Nanga ina ndikanaitenga kuti?"

Benson si munthu woipa, n'chifukwa chake nkhaniyi ilibe koipititsa. Anali kuganiza za mpunga wake basi, ndipo atayankha anawerama n'kupitiriza kutsegula madzi.

A Maynard anavula nsapato, nalowa m'matope mpaka pamtengo paja. Anagunditsa khutu kusipika, kudikira kuti mwina agaluwo akamaliza pamveka kanthu kena kotsala, ngakhale ng'oma imodzi. Agalu anamaliza. Sipika inati zii pang'ono, kenako anayambiranso kuuwa.