Chigoli cha Achimwene Chimene Amuna Anga Anakana

Titangokwatirana, cha m'ma 1970, tinkakhala kwathu kufupi ndi Golomoti, amuna anga ali mkamwini. Anali mphunzitsi, munthu wofatsa woti akaponda nkhuku ankaipepesa. Koma anali ndi wezulo ndi wotchi ya pamkono, ndiye kukakhala mpira m'dera lonselo ankaitana iwowo kuti akayimbire.

Chaka chimenecho matimu a m'midzi ankalimbirana chikho chimene wasitolo wina anapereka, ndipo pa ndime yomaliza inatsala timu ya kwathu ndi ina ya ku Mtakataka. Alendowo poyamba anakana kuti amuna anga ayimbire, ati mkamwini sangaweruze mokomera ena, eni mudzi akuona. Koma wina wodziwa malamulo panalibe, choncho anavomera monyinyirika. Kwathu anthu ankangosekera m'kati. Achimwene anga, amene ankasewera kutsogolo, analawirira kunyumba ndi chambo ziwiri, ati angodzaona ngati alamu awo adzuka bwino.

Golo la masiku amenewo linali mitengo iwiri ya bulugamu, pamwamba atamangapo chingwe cha khonje. Ukonde kunalibe. Kunatentha tsikulo, fumbi lili koboo, ndipo mpira unafika chakumapeto popanda wogoletsa. Kenaka achimwene anauswa mwamphamvu, unamudutsa goloboyi n'kukagwera patsinde pa mlambe. Amayi tonse tinathamangira m'bwalo ndi nthungululu. Potembenuka, tinaona amuna anga akupukusa mutu, chala chili m'mwamba. Mpira wadutsa pamwamba pa chingwe, si chigoli.

Mkangano unatenga nthawi. Chingwecho chinali chitakhwepa pakati, ndiye malume anga ankati ngakhale mpirawo unadutsa pamwamba, ukanadutsa pansi chikanakhala chokungika. Amuna anga sanasinthe mawu. Mpira utayambanso, wotchinga kumbuyo wathu anaugwira ndi manja awiri ngati akulandira dzungu, ndipo iwo anapereka penate. Imeneyi aliyense anaiona, komabe tinakuwiza. Chikho chinapita ku Mtakataka.

Pobwerera amuna anga ankakankha njinga kumbuyo kwa gulu lonse. Titafika, amayi anga anagwada patali mwaulemu wonse wa apongozi n'kufunsa kuti, "Kaya akuchita bwanji abale anu ku Mtakataka?" Kuyambira tsikulo mudzi wonse unkawatchula kuti a Pamwamba. Achimwene akakumana nawo ankawavulira chipewa, n'kufunsa ngati chambo zija zinali ndi minga yambiri.

Patapita masiku atatu, tikusosa kumunda, ndinawafunsa ngati mpirawo anauonadi. Anatsamira khasu kwa kanthawi.

"Mayi, ndinkayang'ana wotchi," anatero.

Anafotokoza kuti anangodzidzimuka ndi nthungululu zathu, ndipo atadzutsa mutu anapeza maso onse a ku Mtakataka ali pa iwo. Chigoli chimene sanachione sakanachipereka, makamaka cha mlamu wawo. Nditafunsa chimene analozera m'mwamba, anati dzanja linangopita lokha. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pamzere, iwo akundipempha kuti ndisauze munthu.

Ndinasunga. Chaka chotsatira anyamata anakhoma mtengo pamwamba pa golo, ndipo amuna anga anapitiriza kuyimbira, kupatula mpira wa timu ya kwathu. Tsiku limenelo ankapezeka kuti ali ndi makope ambiri ochonga.

Ndinadzaulula onse awiri atachita imvi, paukwati wa mwana wathu wachiwiri, achimwene atayambanso nkhani ija pamaso pa alendo. Ndinkayesa akwiya. Anakanda kumutu, kenaka anati nawonso mpirawo sanauone, chifukwa atangoumenya anaterereka n'kugwa chafufumimba. Atadzuka anapeza ife tikuvina, ndiye anayamba kuvina nawo.

Amuna anga anawathirira thobwa m'chikho, ndipo achimwene anamwa.