A Pulambala ndi Malalanje Awiri

A pulambala a mumsewu uno sadutsa pabenchi ya zipatso osagula malalanje awiri. Kwa iwo thupi ndi nyumba: mtima ndi pampu, mitsempha ndi mipope. "Mpope sutsekeka tsiku limodzi," amatero, uku akudzigogoda pachifuwa ndi sipanala. "Idyani zipatso ndi masamba, mavitamini akewo amathandiza kuti njira ya magazi isachite dzimbiri." Anthu amaseka, ati adokotala a kubafa ayambapo.

Mawuwa anawatola kuchipatala, chaka chimene mtima wa akazi awo unayamba kuvuta. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi malalanje awiri, lawo ndi la mayi a kunyumba. Mayiwo ankasenda onse, n'kukankhira amuna awo mbali yaikulu. "Idyani inu ogwira ntchito," ankatero. Anamwalira chaka chatha.

Dzulo mayi wogulitsa zipatso anafunsa mwachifundo, "Bambo, poti mwatsala nokha, bwanji osangotenga limodzi?"

A pulambala anasisita lalanje ndi chala.

"Ndipatseni awiri, mayi. Linalo ndimakaliika pambale ya malemu akazi anga. Mipope ya eni ake ndinkaimva ikamatsekeka, koma wa m'nyumba mwanga unkatsekeka ine ndikudya lalanje lake."