Manja a Azakhali pa Maikolofoni

Azakhali anga, omwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Waterkloof kuno ku Joni, analephera kupita kumudzi ku chinkhoswe cha mwana wawo. Ndiye anandiitana kuti ndiwajambule vidiyo ya malangizo, titumize. Ndinasankha kamaikolofoni kopanira pa bulauzi, chifukwa ku Gezina komwe amachita lendi phokoso la magalimoto silitha.

Vuto linali ulemu wawo. Akatchula wamkulu aliyense wa kuchimuna, ankawomba m'manja pachifuwa pomwepo, pafupi ndi maikolofoni. M'makutu mwanga zinkamveka ngati mfuti.

"Azakhali, manjawo chonde!"

"Iwe, ukufuna ndilonjere akuluakulu manja ali lende?"

Ndinangowasiya, mtima ukuwira.

Kunyumba, nditangoika mayina oyenda pa sikirini, pulogalamu ya pakompyuta inachita misala. Milomo ya Azakhali inkatsogola, mawu n'kumabwera pambuyo. Eish, thukuta linatuluka. Kenako pa mzere wosonyeza mawu ndinaona timinga tosongoka paliponse pomwe anawomba m'manja. Ndinakokera kamunga kamodzi pa chithunzi chomwe zikhatho zikukumana, basi zonse zinabwerera m'malo mwake. Ndinapumira m'mwamba.

Masiku ano ndisanajambule munthu, ndimayamba ndawomba m'manja pamaso pa kamera. Azakhali amauza anthu kuti Joni yandiphunzitsa ulemu.