Mabatani a Achimwene

Alamu anga a Verna anasiya kuwameta ndevu amuna awo kutatsala sabata kuti apite kukapimidwa. Achimwene anga a Lonnie sanachedwe kukayikira.

"Alipo wakuphunzitsani zimenezi," anatero ali pakhonde, kapu ya khofi ataigwira ndi manja awiri. "Kapena ndi iwe, Gayle? Mwapangana kuti ndioneke ngati wamisala, akanditsekere kosungira nkhalamba, inu mutsale ndi galimoto."

"Chiphakasa chimenechija ndani angachilimbirane?" anayankha a Verna, uku akupinda zovala.

A Lonnie anapita kunkhondo ya kuchipululu mu 1991 ali mnyamata wadzitho, woyendetsa lole ya mafuta. Anapuma utsi wa zitsime za mafuta zoyaka, namwa mapiritsi omwe ankapatsidwa. Kuno ku Ironton anabwerako opanda bala. Kenaka kunayamba kutopa kosatha, kuwawa kwa m'mfundo, zidzolo, kuiwalaiwala. Zala zinasiya kumvera. Madokotala anapima magazi, najambula mafupa, koma dzina la matendawo silinapezeke.

A Verna amaphika kusukulu ya pulayimale. Asanapite kumeneko amayamba awasambitsa amuna awo, kuwameta, kuwamangira mabatani ndi zingwe za nsapato, kuwadulira nyama m'mbale. Ntchito imeneyi ankaigwira chitseko chili chotseka, moti ine ndemwe ndinaidziwa mochedwa. Miyendo ya a Verna inali itayamba kutupa. Achimwene akanapatsidwa penshoni ya asilikali olumala, iwo akanamagwira theka la tsiku.

Ulendo woyamba wokapimidwa kuti apeze penshoniyo, achimwene anautenga ngati perete. Msilikali sapita kwa akuluakulu ali nyankhalala. A Verna anasita malaya mpaka kolala kuima, napukuta nsapato, nawameta bwinobwino. Dokotala atafunsa kuti ali bwanji, achimwene anawongoka kuti njo: "Ndili bwino, bwana!" Ofesi yoona za asilikali akale inayankha kuti munthuyu amadzisamalira yekha.

"Anakunamizirani ndi manja angawa," anatero a Verna. "Ulendo uno manjawa apuma."

Koma achimwene anali atamva zina kwa anzawo kuholo ya asilikali akale. Akuti opimawo amakusuzumira pazenera ukamatsika galimoto. Akuti amagwetsa dala cholembera kuti aone ngati uwerame. Akuti ena amatumidwa kudzakujambula ukutchetcha kapinga. Sabata yonseyo makatani anali otseka. Munthu wodzawerenga mita ya madzi anamuthamangitsa.

"Mukuopa kuti akugwirani mukunama," ndinawauza, "chonsecho bodza lanu ndi loti muli bwino."

"Iwe khala chete. Nkhondo yako ndi ya mbewa za m'khitchini."

M'mawa wa tsikulo ndinabwera kudzawayendetsa. Ndinawapeza atakhala pabedi, akulimbana ndi malaya. A Verna anaima pakhomo manja atapinda, nkhope atalozetsa kukhoma. Achimwene anakwanitsa mabatani awiri, onse m'mabowo olakwika.

"Verna, chipongwe chimenechi chatani? Ndipite chonchi pamaso pa anthu?"

"Mupite chonchi, bambo. Ndi mmene mulili."

Kuchipatala anakana kutsikira pafupi ndi khomo. Anayang'ana mazenera onse. M'chipinda chodikirira munali mkulu wina wachipewa akuwerenga nyuzi.

"Kazitape uyo," anandinong'oneza. "Chikhalireni sanatembenuze tsamba."

"Akugona, achimwene."

"Ndi mmene amawaphunzitsira."

Atawaitana, analowa ndi akazi awo, ine ndinatsala panja. Zamkatimo anandiuza ndi a Verna.

Dokotala anali mayi wosalankhulalankhula. Atafunsa kuti ali bwanji, achimwene anayamba kuwongoka monga kale, a Verna n'kutsokomola. Achimwene anangoti, "Tilipo." Mafunso ena onse ankayankha mozemba, maso ali pa cholembera cha dokotala, kudikira kuti chigwe. Mumatopa? Aliyense amatopa. Mumavala nokha? Nanga ndine mwana?

Dokotala anawavulitsa malaya kuti aone zidzolo kumsana. Atatha anati, "Valani, bambo," natembenukira ku kompyuta yake.

Achimwene anapisa manja m'malaya, nayamba kusakasaka batani. Linkawapulumuka. Anayesanso. A Verna akuti anangozindikira manja awo atanyamuka okha, monga achitira m'mawa uliwonse. Anawabweza n'kuwakhalira. Dokotala anali atasiya kulemba.

"Kunyumba amakumangirani ndani?"

Achimwene anayang'ana dokotala, nayang'ana chitseko. Mwina ankafufuza pomwe pali msampha. Kenaka analoza ndi chibwano.

"Awa."

"Mabatani okha?"

"Ndi nsapato. Ndi ndevu." Anayang'ana pansi. "Kubafanso. Afunseni eni ake, ine zina ndimaiwala."

Dokotala anakokera mpando wake kwa a Verna. Alamu akuti anasowa poyambira, chifukwa chiyambireni palibe anawafunsapo. Anayambira pomwe amayambira tsiku lililonse, pa kuwadzutsa.

Anatuluka malaya ali yasa, achimwene atagwira m'mbali mwake ndi chibakera. Anayenda choncho mpaka pagalimoto.

"Tandimangirani tsono, mphepoyi indipha," anatero. A Verna atatambasula manja, iwo anabwerera m'mbuyo. "Osati pano, mayi inu! Kuseri kwa lole iyo. Simukuona zenera?"

Yankho linabwera chisanu chitayamba. Anawavomera kuti azilandira penshoni ija. Achimwene anakhala masiku akunena kuti boma silivomera chinthu mwaulere, chilipo chomwe akufuna, ndipo makatani sanatsegulidwe. A Verna tsopano amaweruka masana. Ndikadutsako m'mawa ndimawapeza ali pakhonde, thaulo paphewa, akuwameta amuna awo chitseko chili chotsegula.

"Pang'onopang'ono," amatero achimwene, maso ali kumsewu. "Galimoto yoyera ija yadutsanso."